Uniden SDS100: scanner yabwino ndithu, koma zakutali mukumvazo si mphamvu yake

Anthu angapo a kuno ku South Bend akhala akundifunsa za Uniden SDS100, scanner yam'manja, ndiye kuti wailesi yongomvera zokamba za pa mawailesi a apolisi ndi ena a zangozi, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: eti ndi zoona kuti kachipangizo kameneka kamagwira apolisi ndi ma ambulansi a state yonse ya Indiana munthu uli phee pampando kunyumba kwako? Yankho ndi loti eya mukhoza kumva mawu ochokera kutali kwambiri, mamailosi 100 kapena kuposa, omveka bwinobwino ngati munthuyo akulankhula panja pa nyumba yanu, koma si scanner imene yapita kukawatenga kumeneko. Ndalemba izi chifukwa mtengo wake si wamasewera, pomwe inkatuluka mu 2018 inali pa madola pafupifupi 650 ndipo sinatsike kwenikweni, nde zimandipweteka kuona munthu akutulutsa ndalama yotere ali ndi chiyembekezo cholakwika kenako nkumati wagula chinthu chakufa pamene chikugwira ntchito yake bwinobwino.

Ife tinakulira pa wailesi ya shortwave ndi medium wave, paja usiku umatha kugwira ma siteshoni akunja ukangotalikitsa eriyo kapena kumangirira kawaya pa denga, nde m'mutu mwathu munakhazikika kuti kumva zakutali ndi nkhani ya eriyo yaitali ndi wailesi yamphamvu. Pa ma system a boma a kuno maganizo amenewo sagwira. Amagwiritsa ntchito 700 ndi 800 MHz, ndipo mafunde amenewa sakwera kumwamba nkubwerera pansi ngati a shortwave, amangoyenda molunjika, akakumana ndi chitunda, nyumba zitalizitali kapena kupindika kwa dziko lenilenilo basi athera pomwepo. Ndi scanner yam'manja mukagwira nsanja yomwe ili pa mamailosi 20 kapena 30 ndiye kuti muli pamalo abwino zedi. Kuchoka ku South Bend kukafika ku Indianapolis pa US 31 ndi mamailosi pafupifupi 150, Evansville ndiye kumapeto kwenikweni kumtsinje wa Ohio. Palibe eriyo ya pa scanner imene ingafike kumeneko tsiku wamba.

Nde mawuwo amafika bwanji? Apa ndi pomwe pali nkhani yonse ndipo ndichedwapo pang'ono, mupirire nane.

Indiana ili ndi system ya state yonse yotchedwa Project Hoosier SAFE-T, imayendetsedwa ndi Integrated Public Safety Commission, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo ili ndi ma site, ndiye kuti malo a nsanja zoulutsira, opitirira 150 omwazikana m'ma county onse 92. Kungowoloka malire kupita ku Niles mwalowa mu ina, MPSCS ya Michigan, yomwe inamalizidwa kumanga mu 2002 mpaka ku Upper Peninsula ndipo ili m'gulu la zikuluzikulu mu America muno. Ohio ili ndi MARCS, Illinois ili ndi STARCOM21. Zonsezi ndi ma trunked system a mtundu wa P25, njira ya digito yomwe mawailesi a apolisi ndi a zangozi amagwiritsa ntchito. Kale dipatimenti iliyonse inali ndi frequency yakeyake, apolisi yawo, ozimitsa moto yawo, okonza misewu yawo, ndipo nthawi zambiri ma frequency amenewo ankangokhala duu palibe akulankhula pamene ena akusowa polankhulira. Pa trunking site iliyonse imakhala ndi ma frequency ochepa oti onse azibwerekana, ndipo imodzi mwa iwo imapatulidwa kukhala control channel, iyo sinyamula mawu a munthu, imangotulutsa data usana ndi usiku pa liwiro la ma bit 9600 pa sekondi. Wapolisi akadina batani wailesi yake imapempha polankhulira, kompyuta nkumupatsa frequency iliyonse yomwe ili yosagwidwa, nkulengeza pa control channel kuti a gulu lakutilakuti nonse pitani apa, akamaliza frequency ija imabwerera kuti ena agwiritse. Gulu limenelo ndi lomwe amati talkgroup, ndi nambala chabe osati frequency. Scanner ntchito yake ndi kuwerenga control channel nkumathamangira komwe yauzidwa, basi.

Tsopano ma site onse aja ndi olumikizana pansipansi kudzera pa microwave ndi fiber mpaka kukafika ku makompyuta akuluakulu omwe amayendetsa netiweki yonse. Wailesi iliyonse yovomerezeka ikangoyatsidwa, kapena ikasintha talkgroup, kapena galimoto ikayenda nkulowa m'dera la nsanja ina, imadzilembetsa kuti ine ndine nambala yakuti, ndili pa site iyi, ndipo ndatchera talkgroup iyi. Kudzilembetsa kumeneku amati affiliation. Munthu akalankhula pa talkgroup inayake, kompyuta imayang'ana kuti ndi ma site ati omwe ali ndi wailesi yotchera talkgroup imeneyo pa nthawiyo, nkutumiza mawu ku ma site okhawo. Ena onse sapatsidwa, ndipo ndi dala, chifukwa site ya kumudzi imatha kukhala ndi ma channel ochepa kwambiri, mukati muziulutsa zokamba za state yonse pa nsanja iliyonse ndiye kuti ambulansi ya pompo isowa polankhulira munthu akufa.

Zili ngati basi yomwe imakhotera pa siteji ya kwanu pokhapokha ngati muli munthu wotsika pamenepo. Inu a scanner simunakwere, simunagule tikiti, mwangoima m'mbali mwa msewu, basi mukuiona chifukwa pali wina amene akutsika. Tsiku lomwe kulibe wotsika imadutsa msewu waukulu ndipo simuiona ngakhale mutakwera mumtengo.

Scanner siulutsa chilichonse, ilibe nambala pa system, singadzilembetse, nde singapemphe kuti talkgroup ya ku Evansville ibwere pa nsanja ya kuno. Koma tiyerekeze kuti wapolisi wa kummwera wabwera kuno kudzatenga mkaidi kapena kudzachita maphunziro, wailesi yake waisiya pa talkgroup ya kwawo kuti azimvabe zomwe zikuchitika, pompo netiweki imayamba kutumiza zokamba zonse za kwawoko pa site ya kuno chifukwa cha munthu mmodzi ameneyo, ndipo inu mumayamba kumva mayina a misewu yomwe simunaimvepo. Akazimitsa wailesi kapena akatuluka m'dera lino zimaduka nthawi yomweyo, pena pakati pa nkhani penipeni. Ndi chifukwa chake mumamva dipatimenti ina Lachiwiri lonse kenako osaimvanso mwezi wathunthu, scanner sinawonongeke ayi, mwini wailesi uja anapita kwawo. Pali zina zomwe zimabwera tsiku ndi tsiku nthawi yofanana, madzulo mpaka m'mawa, zimenezo kawirikawiri amakhala munthu wogwira ntchito county ina koma amagona kuno ndipo amabwera nayo wailesi kunyumba.

Mukadziwa zimenezi mumayambanso kudziwa nthawi yotchera khutu. Tsiku la mpira wa Notre Dame, pomwe bwalo limadzaza anthu opitirira 77,000 ndipo tauni yonse imapanikizika, kumabwera othandiza ochokera madera ena ndi mawailesi awo, sikirini imaonetsa mayina omwe masiku ena kulibe. Nthawi ya sinowo yochokera ku Lake Michigan ija, misewu ngati Indiana Toll Road ikavuta, magalimoto okankha sinowo ndi a State Police amayendayenda kudutsa malire a madera awo ndipo site imatanganidwa kwambiri. Ma ambulansi otumiza odwala kuchipatala chachikulu, ma helikopita a chipatala, magalimoto onyamula akaidi opita ku Michigan City kapena ku Westville, onsewa ndi anthu omwe amakoka ma talkgroup akutali nkuwabweretsa pakhomo panu osadziwa.

Sikuti ndi affiliation yokha. Oyendetsa system amatha kukhazikitsa kuti talkgroup inayake izituluka pa ma site ena nthawi zonse kaya pali wailesi kaya palibe, makamaka zofunika kwambiri, komanso amatha kuletsa kuti talkgroup ya tauni inayake isaloledwe kunja kwa dera lake, zoterozo simudzazimva kutali ngakhale mwini wake atabwera kudzaima pansi pa nsanja yanu. Palinso patch, pomwe dispatcher, uja amakhala ku ofesi nkumatumiza apolisi ndi ma ambulansi pa wailesi, amalumikiza ma talkgroup awiri kapena system ziwiri pa nthawi ya ngozi kapena pothamangitsa galimoto, kuno kumalire a Indiana ndi Michigan zimenezi ndi zofunika chifukwa wothawa sayang'ana chikwangwani cha malire. Ndipo kumbukirani kuti mawu oti state yonse sakutanthauza kuti aliyense ali momwemo, Indianapolis ndi Marion County ali ndi system yawoyawo, nde zambiri za mumzinda umenewo sizidutsa pa SAFE-T nkomwe.

Ndiye wina afunsa kuti ngati zili choncho bwanji osangogula scanner yotchipa, poti zonse zikungomva nsanja yapafupi? Funso labwino, ndipo yankho lake ndi mawu amodzi, simulcast. M'matauni ndi m'ma county a anthu ambiri, chomwe scanner imachiona ngati site imodzi zimakhala nsanja zingapo zomwe zikuulutsa chinthu chimodzi, pa frequency imodzi, nthawi imodzi, kuti wailesi izigwira mkati mwa nyumba zikuluzikulu ndi m'zipinda zapansi. Inu mukakhala pakati pa nsanja ziwiri kapena zitatu mafunde amakufikani mosiyana pang'onong'ono, kamphindi kosawerengeka ndi wotchi, koma kwa digito kameneko ndi kokwanira kusokoneza. Mawailesi a Motorola omwe apolisi amanyamula anapangidwira zimenezo, ma scanner akale ayi. Omwe ali ndi scanner ya Uniden BCD436HP ya 2014 kapena ma scanner a Whistler amadziwa mmene zimakhalira m'dera la simulcast, timizere ta siginolo tonse tadzaza koma mawu akudukaduka, theka la chiganizo kulibe, pena osatsegula nkomwe, mpaka anthu amachita kuika kawaya kakang'ono m'malo mwa eriyo kapena kulozetsa yagi, eriyo yogwira mbali imodzi, ku nsanja imodzi kuti zinazo zisamveke. SDS100 inapangidwa mosiyana, mkati mwake ndi software defined radio, wailesi yomwe pulogalamu ya kompyuta ndiyo imamasulira mafunde, eni ake amati True I/Q, imawerenga funde lonse mmene labwerera osati mbali imodzi yokha, ndipo apa ndi pomwe ndalama yanu yapita. Kwa ine pa mfundo imeneyi palibe chotsutsa, mawu amatuluka athunthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo control channel ikamawerengedwa bwino ndi pomwe simuphonya ma talkgroup achilendo aja omwe amangoonekera kamphindi nkusowa. Ngati scanner ikutaya theka la zolengeza za control channel, zakutali zija zimadutsa inu osadziwa kuti zinabwera.

Chachiwiri chomwe ndimaikondera ndi sikirini. Ndi yamitundu ndipo mumasankha nokha zoti zizioneka, ine ndimaika dzina la site, nambala ya talkgroup, nambala ya wailesi yomwe ikulankhula, System ID ndi RSSI, imene imaonetsa mphamvu ya siginolo mu dBm. Zimaoneka ngati zinthu za akatswiri okha koma ndi zomwe zimakuuzani chilungamo cha zomwe mukumva. Mukamva dipatimenti yakutali muyang'ane dzina la site, mupeza kuti ndi yomweyi ya kwanu ndipo RSSI sinasinthe, apo mwadziwa kuti ndi netiweki yakubweretserani. Koma pali masiku ena, makamaka m'mawa nyengo yotentha mpweya wofunda ukakhala pamwamba pa madzi ozizira a Lake Michigan, mafunde amakodwa pakati nkuyenda mtunda wautali kuposa masiku onse, amati tropospheric ducting, tsiku lotero mutha kugwira nsanja yeniyeni ya kutsidya kwa nyanja, ya ku Illinois kapena Wisconsin, ndipo System ID imakhala yachilendo. Zimenezo ndiye kugwira kutali kwenikweni monga tinkachitira ndi shortwave, zimasangalatsa, koma dzuwa likakwera zimatha ndipo simungazidalire.

Tsopano makonzedwe, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amadzitsekera okha zakutali zomwe amafunazo. Scanner imabwera ndi database ya RadioReference, webusaiti yosunga ma frequency ndi ma talkgroup, ya America ndi Canada yonse pa kakhadi ka microSD, mumangolemba zip code yanu iyo nkusankha zapafupi, ndi zophweka ndipo tsiku loyamba lomwelo mumamva zinthu. Koma njira yophwekayi ili ndi msampha wake. Pali Range, yomwe imayambira 0 mpaka mamailosi 50, anthu amaganiza kuti akaikweza ndiye kuti scanner iyamba kugwira patali, ayi ndithu, Range siikhudza mphamvu ya wailesi, imangosankha kuti ndi zinthu ziti za mu database zomwe zilowe pa mndandanda. Mukaiika pa 50 scanner imayamba kuyendera ma site ambirimbiri omwe singawamve, iliyonse imaimapo kamphindi kufufuza control channel yomwe kulibe, pobwerera pa site yanu nkhani yadutsa kale. Mukaiika pansi kwambiri ma site amachepa, zabwino, koma madipatimenti akutali nawonso amachotsedwa pa mndandanda, nde talkgroup ya kummwera ija ikabwera pa nsanja yanu scanner imaiona nkuinyalanyaza chifukwa munaiuza kuti zakutali simukuzifuna.

Njira yomwe ine ndimalimbikitsa ndi kupanga Favorites List yanuyanu pa Sentinel, pulogalamu ya Uniden yokonzera scanner pa kompyuta. Mutenge system yonse ya SAFE-T, musiye madipatimenti onse a ma county onse, koma pa ma site musiye imodzi kapena ziwiri zokha zomwe mumagwira bwino pakhomo panu, zina zonse muchotse kapena muike pa avoid, kenako muzimitse location control pa list imeneyo. Ma site ochepa, ma talkgroup onse. Mukatero chilichonse chodutsa pa nsanja yanu chimatuluka ndi dzina lake. Muikenso pa ID Search osati ID Scan, poti ID Scan imangotsegula ma talkgroup omwe analembedwa kale pamene ID Search imatsegula chilichonse chomwe control channel yalengeza ngakhale chisanalowe mu database. Komanso muone ma Service Types, ikamachoka m'bokosi imakhala yoyatsa ochepa okha, makamaka a dispatch, pamene zambiri zoyendayenda zili pansi pa Law Tac, Interop, Corrections, Hospital, Public Works ndi Transportation. Ndikanakonda bukhu lake likanayamba ndi zinthu zitatu zimenezi pa tsamba loyamba, chifukwa munthu watsopano sangazitulukire yekha msanga ndipo ma menu ake ndi akuya, menu mkati mwa menu, dzina la chinthu silikuuza ntchito yake.

Sentinel ndi yaulere ndipo database imasinthidwa sabata iliyonse, koma imayenda pa Windows basi. Amene muli ndi Mac kapena mumangodalira foni ndi tabuleti mudziwiretu kuti mufunika kubwereka laputopu. Zotheka kulowetsa zonse pamanja pa scanner pompo koma system ya ma talkgroup masauzande simungaithe ndi kabatani kozungulira kaja.

Eriyo yomwe imabwera m'bokosi ndi ya zonsezonse, nde siichita bwino kwambiri paliponse. Ngati chidwi chanu ndi 700 ndi 800 MHz mugule yopangidwira pamenepo, ya Remtronix ndi yomwe ambiri amagula, muonetsetse kuti ndi yokwana pa SDS100 chifukwa pomangira pake ndi SMA yolowa mkati pang'ono kuti madzi asalowe, ndipo si eriyo iliyonse imene imakhala bwino popanda adaputa. Koma ndibwereze, eriyo yabwino ikuthandizani kugwira site yachiwiri kapena yachitatu yoyandikana nanu, monga ya county yoyandikana kapena ya MPSCS kutsidya kwa malire, ndipo site iliyonse yowonjezera imabwera ndi alendo akeake, nde mwanjira imeneyo zakutali zimachuluka. Sikuti ikufikitsani ku Indianapolis. Kuika scanner pawindo la m'chipinda chapamwamba kumathandiza kuposa kuwononga ndalama zambiri, ma apatimenti a njerwa ndi ma basement omwe ambiri timakhalamo amadya siginolo kwambiri.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. Batire yake ndi yapaderadera ya lithium, si ma AA oti mungagule pa filling station, yaikulu yomwe amaikamo imatukumula kumsana nde m'thumba la malaya siikwana bwino, ndipo chipangizochi chimadya moto, shifiti yaitali ya maola 12 muyenera kukhala ndi chingwe pafupi. Imafunda m'manja ikayaka nthawi yaitali, ndi mmene ilili. Pa analog ya VHF, monga ndege, sitima ndi ozimitsa moto a kumidzi omwe adakali pa ma frequency akale, ambiri amavomereza kuti siiposa ma scanner otchipa ngati BC125AT, pena mumachita kusinthasintha ma filter ake, Normal, Invert, Wide, kuti mupeze yomwe ikugwira pamalo panu. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi choti DMR, NXDN ndi ProVoice, mitundu ina ya mawailesi a digito, mumalipira padera, pa chinthu chomwe mwagula kale mtengo wotere. Mwayi wake ndi woti pa ma system a state awa simufunika zimenezo, P25 Phase I ndi Phase II zonse zilimo kale. Phase II ndi ija imagawa frequency imodzi kuti anthu awiri azilankhulapo mosinthana timphindi, ma scanner akale ambiri saimva, nde pogula yakale pa intaneti muchenjere pamenepo.

Zabwino zing'onozing'ono: siopa kamvula kowaza, ili ndi Replay yobwereza zomwe zangodutsa ngati simunamve dzina la msewu, ndipo imajambula mawu pa khadi ndi dzina la talkgroup ndi nthawi. Chojambulachi ndi chothandiza kwambiri pa nkhani yathu ino, mumaisiya usiku wonse pa site imodzi, m'mawa nkuona kuti ndi alendo ati anadutsa, mukachita zimenezi masabata angapo mumayamba kuona ndondomeko ya mmene anthu amayendera m'dera lanu. Amene simufuna yonyamula pali SDS200, mkati ndi zofanana koma ndi ya patebulo kapena m'galimoto, sipika yaikulu ndipo ili ndi polowetsa chingwe cha netiweki.

Nkhani ya encryption, kutseka mawu kuti wakunja asamve, musaidumphe musanagule. Madipatimenti ambiri mu America akutseka ma talkgroup awo, ena a ofufuza milandu okha, ena mpaka dispatch yonse, ndipo palibe scanner iliyonse padziko yomwe imatsegula zimenezo, komanso kuyesa kutsegula ndi mlandu. Wina akakuuzani kuti pali upgrade yake akukunamizani. Lowani pa RadioReference, ndi zaulere kuyang'ana, pezani county yanu, pa mzere wa Mode muone zilembo, D ndi digito ya Phase I, T ndi Phase II, pakakhala E wamkulu ndiye kuti ndi yotsekedwa nthawi zonse, e wamng'ono nthawi zina. Ngati zomwe mumafuna kumva zonse zili ndi E ndalama yanu isungeni. Ine ndimamvetsa kuti zinthu zina ziyenera kubisika, dzina la wogwiriridwa kapena apolisi akamazembera munthu woopsa si za aliyense, koma dispatch wamba ndimaona kuti ikanakhala yotsegula, chifukwa ndi pomwe anthu timadziwira kuti msewu watsekedwa, kwagwa tornado mbali iti, kapena chifukwa chake helikopita ikuzungulira pamwamba pa sukulu ya ana athu. Kwa ife obwera, omwe nkhani za m'dera zimatipeza mochedwa, kumva wekha kumachotsa mphekesera zambiri za pa WhatsApp.

Kwa amene akungofuna kumva zakutali basi, osasamala kuti zafika bwanji, kunena zoona Broadcastify pa foni ikukwanirani, kumeneko anthu odzipereka amalumikiza ma scanner awo pa intaneti nde mumamva dera lililonse lomwe kuli wina waika, kungoti mumamva zomwe iyeyo wasankha, zimachedwa pang'ono, ndipo intaneti kapena magetsi zikapita nthawi ya mphepo yamkuntho, nthawi yomwe mukuzifunitsitsa, zapitanso. Amene mumakonda kompyuta, ka RTL-SDR, kawailesi kolowetsa pa USB, ka madola 30 kapena 40 ndi pulogalamu yaulere ya SDRTrunk zimathana ndi simulcast bwino ndithu ndipo zimakuonetsani ngakhale ma affiliation enieniwo akuchitika, wailesi yakuti yalowa pa site, yatchera talkgroup yakuti, ndi njira yabwino yoonera ndi maso zomwe ndafotokoza pamwambapa. Koma simungayende nazo. SDS100 ndi ya munthu amene amakhala m'dera la simulcast, amafuna chinthu chodziimira pachokha chosadalira intaneti, ndipo ali wokonzeka kukhala pansi madzulo angapo kuikonza. Kwa munthu ameneyo ndimaivomereza ndi mtima wonse. Amene mumakhala kumudzi komwe site ndi nsanja imodzi yokha, BCD436HP kapena BCD325P2 zichita ntchito yomweyo pa mtengo wotsikirapo.

Abale a ku UK musavutike nayo, kumeneko a zangozi ali pa Airwave yomwe imagwiritsa ntchito TETRA yotsekedwa, mtundu wina wa digito osati P25, SDS100 siimva TETRA, ndipo malamulo akumeneko saloleza kumvera mauthenga omwe sanalunjike kwa inu. Kutumiza kumudzi ngati mphatso nakonso sindikuona phindu lake poti database ndi ya America ndi Canada yokha ndipo chomwe mukulipirira ndi P25 simulcast.

Ndipo a kuno ku Indiana mumvetsetse ichi chifukwa ambiri tili pa mapepala omwe safuna mlandu ngakhale waung'ono. M'nyumba mwanu kapena pamalo pa bizinesi yanu kumvera ndi kololedwa, koma Indiana ili m'gulu la ma state ochepa, pamodzi ndi Florida, Kentucky, Minnesota ndi New York, omwe amaletsa kuyenda ndi scanner yomva apolisi, ndipo kuno lamulo limakhudza ya m'galimoto komanso yonyamula m'manja, ndi misdemeanor, mlandu waung'ono koma mlandu ndithu. Ena mwa omwe lamulo limawalola ndi omwe ali ndi layisensi ya amateur radio ya FCC, bungwe la boma loona za mawailesi. Mayeso a Technician, gawo loyamba la layisensiyo, ndi mafunso 35, mukakhoza 26 mwadutsa, mafunso onse omwe amasankhamo ali poyera pa intaneti kuti muwerengeretu, FCC imalipiritsa madola 35 ndipo layisensi imakhala zaka 10. Ngati mukufuna kumayenda nayo pa US 31 kuti muziona mmene ma site akusinthira ndi ma talkgroup omwe akulowa ndi kutuluka, yambani mwatenga layisensiyo, kope lake muzisunga m'galimoto limodzi ndi mapepala a inshuwalansi.